Makutu a Che Bwanausi

Anthu akamandiuza kuti ndili ndi mwayi pokhala moyandikana ndi Che Bwanausi, ndimangowayang'ana. Ine ndine telala. Ntchito yanga imafuna dzanja losanjenjemera, koma chisamukireni pano pa Entre Lagos, kuseri kwa siteshoni ya sitima, singano zanga zakhala zikudziyendera zokha patebulo mpaka kukagwera pansi. Zoziyendetsa ndi makoluna a bambo amenewa, zimene mnzawo a Tobiasi, poti anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo ija, amazitcha masipika.

Che Bwanausi kwawo ndi ku Chiuta. Anayamba ndi kupha nsomba ngati makolo awo, kenaka n'kumazinyamula panjinga kudzagulitsa kuno, mpaka tsiku lina anaima pafupi ndi koluna lalikulu pa ukwati wina, phokoso likuwagunda pachifuwa. Akuti kuyambira pamenepo nsomba zinayamba kuwanunkhira. Anaphunzira kukonza mawailesi, n'kukhazikika pano, ndipo ine posafunsa anthu ndinadzagula malo kuseri kwa mpanda wawo.

Bwato lawo lakale sanalisiye kunyanja. Analibweretsa pangolo, n'kulidula pakati, n'kukhomerera matabwa pamwamba, ndipo theka lililonse analiika sipika yaikulu yomwe anakagula ku Cuamba. Amati mtengo umene wamwa madzi zaka zambiri ndiwo umatulutsa mawu akuya. Padenga pali mapaineli a dzuwa, pansi pa bedi pali mabatire a galimoto. Denga lomwelo limadontha, ndipo akazi awo, Abiti Bakari, anatopa n'kulinena, koma mawaya onse anawalowetsa m'mapaipi kuti dontho lisawakhudze.

Tsono pano pali mwambo umene simungaupeze kwina. Nyimbo yatsopano ikafika, kaya yadzera ku Nampula pasitima, kaya yaoloka malire kuchokera ku Malawi m'foni ya wogulitsa zitenje, imayamba yafika kwa Hélio. Ameneyu ali ndi baraka, kanyumba ka malonda, pafupi ndi siteshoni, pomwe amathira nyimbo m'timamemore ta mafoni a anthu. Koma Hélio sangayambe kuigawa isanamvedwe pakhonde la Che Bwanausi Loweruka masana. Pamasonkhana amuna okonda zoimbira, ena a wailesi imodzi yomangidwa ndi mphira, ena oimbitsa m'maukwati, aliyense atanyamula kampando kake. Mwini khonde amakhala kutsogolo, atafulatira anthu, nkhope kumakoluna. Nyimbo ikayamba palibe kulankhula, palibe kutsokomola, ndipo makinawo sakhudza munthu wina kupatula eni ake. Ikatha amakweza dzanja n'kugamula. Akati, "Iyi ikhala," sabata yomweyo mudzaimva mpaka ku Amaramba. Akati, "Iyi ndi mame," ndiye kuti dzuwa likangotuluka yauma, ndipo Hélio amaifufuta popanda maliro.

A Tobiasi safuna kuphonya, ngakhale kuti sabwera kudzavomereza. Iwo ali ndi timasipika tiwiri tating'ono tomwe amatifunditsa nsalu yoluka, ndipo amati ito timatulutsa mawu oyera, osati bingu la m'bwato. Zaka zonsezi akhala akudikira tsiku loti Che Bwanausi alakwitse. Paja Hélio anakwatira mwana wamkazi wa a Tobiasi, choncho amakhala pafupi ndi mkamwini wawoyo, n'kumamukodola ndi chigongono akamva zosawasangalatsa.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Makutu a Che Bwanausi anayamba kufa, ndipo iwo anaganiza zobisa, chifukwa munthu amene dera lonse limamutcha khutu lake akagontha amatsala ndi chiyani? Ine ndinadziwa msanga. M'mawa wina ndinawakalipira pamwamba pa mpanda kuti bingu lawo lagwetsa kalilole wanga wa makasitomala, ndinanena ndi zina zomwe sindingalembe pano, iwo n'kumwetulira n'kundiyankha kuti adzuka bwino, kaya ine. Kale woitanira swala akangotsokomola pa chimkuzamawu cha mzikiti, Che Bwanausi anali atazimitsa kale makina. Tsopano azana, kuitanira swala kuja, imafika pakati nyimbo ikugundabe, mpaka Abiti Bakari atuluke m'khitchini manja ali ufa okhaokha, n'kukasolola waya kubatire. Bamboyo amanamizira batireyo kuti yakalamba.

Koma bamboyo si wopusa. Anaphunzira kuyang'ana milomo ya anthu, ndipo pomwe milomo yamusokoneza amangoti, "Zoona." Pa nkhani ya Loweruka anapeza njira yake. Anayamba kuika mbale yamalata pamwamba pa bwato, muli mpunga wosaphika wodzaza dzanja, chikhatho chawo chili pathabwa. Mpunga ukamadumpha molongosoka, nyimbo ikhala. Ukangonjenjemera mwaulesi, ndi mame. Anthu anaona ngati ndi luso latsopano la akatswiri. Pasanapite nthawi aliyense wa wailesi pano anali ndi kambale kake ka mpunga, ndipo nkhuku za pa Entre Lagos zinayamba kukonda nyimbo. Ngakhale a Tobiasi anayesa mobisa kunyumba kwawo, koma timasipika tawo sitinagwedeze ndi njere imodzi yomwe, n'kunena kuti mpunga wa chaka chino ndi wolemera.

Tsoka silinunkha. Sabata ina Hélio anapita kuchigayo ndi thumba la chimanga, foni ili m'thumba la buluku, ndipo pokhala pansi anadina pojambulira mawu osadziwa. Pofika Loweruka anakokolola zonse zatsopano za m'fonimo n'kuthira mu memore, mwachangu, osamvetsera. Tsikulo ine ndinali pakhondepo, chifukwa ndinabweretsa mkanjo wa Che Bwanausi womwe ndinaupinda m'munsi, ndipo nyimbo zitayamba mwambo sunandilole kudzuka.

Ziwiri zoyamba zinali mame. Yachitatu inayamba ndi phokoso lomwe aliyense wobadwira kuno amalidziwa: injini ya chigayo ikutsokomola, kenaka n'kugwira moto, du du du du, lamba akulira. Bwato linalandira phokosolo ngati lakhala likulidikira moyo wake wonse. Khonde linanjenjemera, fumbi linayoyoka kudenga, mpunga unadumpha mpaka wina kugwera kunja kwa mbale. Tinayang'anana. Che Bwanausi anatsinzina, chikhatho pathabwa, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono.

Kenaka pamwamba pa injiniyo panamveka mawu a Hélio, akukuwa kuti apose chigayo. Amauza mayi wina kuti amusungira malo pamzere, kuti chitenje chamukhala, ndiponso kuti iyeyo sali pabanja, mkazi amene anthu amamuona naye ndi msuweni wake chabe wodzathandiza kuphika. Mayiyo anaseka, ndipo makoluna a Che Bwanausi, kunena zoona, anatulutsa kusekako moyera kwambiri.

Hélio anasanduka phulusa. Anadzuka pang'ono, n'kukumbukira kuti makina sakhudza munthu, n'kukhalanso. A Tobiasi anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mkamwini wawo, chigongono chija chili phee. Ena analuma makolala a malaya, wina anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Chigayocho chinagaya thumba lonse ife tili chete, chifukwa mwambo ndi mwambo.

Chitazima, Che Bwanausi anakweza dzanja, osatembenuka.

"Iyi ikhala," anatero. "Chaka chino sindinamve ng'oma yosaphonya ngati imeneyi. Woimbayo ndi wa ku Nampula eti?"

Apo ndiye mwambo unasweka. Anthu anagwa m'mipando. Woimbitsa m'maukwati wina anathawira kuseri kwa nyumba kukasekera kumeneko, koma timamumvabe. Che Bwanausi anatembenuka akumwetulira, poganiza kuti anthu akondwa ndi nyimboyo, ndipo kumwetulirako kunazilala pang'onopang'ono pamene amayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi.

A Tobiasi okha sanaseke. Tsiku limene analidikira zaka zonsezi linawafikira limodzi ndi tsoka la pabanja pawo, ndiye analibe pokondwera. Anadzuka, n'kukaima kutsogolo kwa mnzawoyo pomwe milomo ingaoneke bwino, n'kunena mosakweza mawu.

"Achimwene, chimene chija n'chigayo."

Che Bwanausi sanati zoona. Anayang'ana mbale ija, n'kuyamba kutola njere zomwe zinagwera pansi, imodzi imodzi, ngati ndiyo ntchito yofunika kwambiri pa dziko. Kuseka kunatha kokha. Anthu ananyamula timipando tawo n'kumatuluka mozemba, Hélio patsogolo, apongozi ake pambuyo pake penipeni. Ine amene ndakhala ndikupempherera tsiku loti bwato limenelo lidyedwe ndi chiswe, ndinamva chisoni chomwe chinandikwiyitsa. Ndinasiya mkanjo pampando n'kutuluka.

Masabata otsatira pano panali zii. Singano zanga zinakhala pomwe ndaziika, ndipo ndinadabwa kuona kuti mizere yanga ikukhota, chifukwa phazi langa linazolowera kupalasa makina motsatira kugunda kwa kuseri kwa mpanda. Hélio anagona m'baraka mwake kwa kanthawi, ndipo mpaka lero ana ndi akulu omwe amamutcha woimba wa ku Nampula. Nyimbo zatsopano anayesa kupita nazo kwa a Tobiasi, koma kumeneko munthu umamva nyimbo pang'ono, kenaka ulaliki wautali wa mmene zinthu zimamvekera bwino ku Liwonde kale. Chigamulo osatuluka. M'maukwati munayamba kulira chilichonse, mame ndi matope omwe.

Che Bwanausi anasiya kukhala pakhonde. Mawailesi amakonzera m'nyumba, kumzikiti amapita molawirira n'kubwerako anthu atabalalika. Mwina amaganiza kuti tikuwasekabe. Ena amasekadi, sindingakane, koma ambiri amangodutsa pang'onopang'ono pampanda Loweruka masana, khutu lili tcheru.

Ndiye Loweruka lina ndinamva nyimbo, yapansipansi, yoti singano sizinasunthe n'komwe. Imalira pang'ono n'kuima, kulira pang'ono n'kuima. Ndinaganiza kuti batire yafadi ulendo uno. Mpanda wathu ndi wa udzu ndipo uli ndi pobooka pomwe sindinapabowole ine, choncho ndinasuzumira.

Anali awiriwiri pamphasa. Che Bwanausi amaimbitsa mzere umodzi n'kuimitsa, ndipo Abiti Bakari amasendera kukhutu lawo lakumanzere, lomwe likadali ndi kamoyo, n'kubwereza mawu a nyimboyo mokweza, mosaimba, ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Anali kudutsa m'nyimbo zonse zomwe bamboyo anagamula kuti zikhala chiyambireni vuto lija. Zinatulukamo zambiri. Ina inali yotsatsa mankhwala a makoswe. Ina, yomwe inavinidwa kwambiri chaka chatha, inali ya mkazi wouza mwamuna wake kuti akubwerera kwa amayi ake, asamutsatire, ndipo mbuzi atenga.

Che Bwanausi anagwira mutu n'kufunsa ngati imeneyo si yomwe anaimbitsa pa ukwati wa mwana wa shehe. Abiti Bakari anati ndi yomweyo, ndipo anaibwerezanso mkwatibwi akulowa. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, kuseka koyamba chichitikireni zachigayo zija. Anafunsa chifukwa chake sanawauze, ndipo mayiyo anayankha kuti anawauza, kangapo konse, koma iwo amangoti zoona.

Che Bwanausi sanaimbitse mzere wotsatira. Amayang'ana pakamwa pa akazi awo nthawi yaitali, monga amachitira masiku ano, koma mayiyo sanali kulankhula kanthu.

"Abiti," anatero, mokweza kuposa mmene amaganizira, "ine ndimakumvani ngati muli pansi pa madzi. Tandiuzani zoona. Mawu anu akadali omwe aja?"

Abiti Bakari anakonza mpango wawo, n'kuyang'ana kumbali kanthawi. Kenaka anasendera kukhutu lija.

"Asasa pang'ono," anatero. "N'chifukwa chokukuwirani inuyo."

Che Bwanausi anagwedeza mutu. Anatenga dzanja lawo lija la pathabwa n'kuliika pakhosi pa mayiyo, mopepuka, n'kuwapempha kuti anenenso.