Koloboyi Wopindidwa ndi Dzanja Lamanzere

Belu la sikisi m'mawa linalira ku tchalitchi mayi Guilhermina atakazinga kale chiwaya chachiwiri cha zitumbuwa. Linali Lachisanu, m'mwezi wa Julaye chaka cha 1980, chifunga cha m'phiri la Tumbine chisanachoke, ndipo amtengatenga anali atayamba kuwoloka mtsinje wa Muloza pa malire, matumba a nyemba pamutu. Manja a mayiwa anali pa ntchito koma mtima unali kumudzi. Dzulo lake amalume awo, a Laurindo, anali atadula thunthu la nthochi.

Thunthulo linali loti Lamulungu likakulungidwe m'mphasa n'kuikidwa m'manda m'malo mwa Fabião, mlongo wawo wa mayi Guilhermina, amene anasowa zaka zitatu zapitazo. Kwathu kuno munthu akasowa, mtembo osaoneka, timatero kuti maliro athe. Ndipo apolisi anali atanena kale kuti akubanja akangomulira, iwonso atseka buku lake n'kuleka kufunafuna.

Mayi Guilhermina anakulira m'minda ya tiyi, nthawi ya Apwitikizi. Amayi awo anamwalira Fabião akukwawa, ndiye iwo, kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri, ankathyola tiyi dengu kumsana, mwana pachifuwa. Atakula Fabião anakana tiyi, n'kuphunzira kukhoma zitini: ndowa, masefa, makoloboyi. Anali wamanzere. A Laurindo anamumenya dzanjalo mpaka kudya anayamba kudyera lamanja, koma nyundo inakana. Mpindiro wake wa chitini unkagonera mbali yosiyana ndi ya amisiri ena onse, ndipo waya wa chogwirira ankaupota katatu, osati kawiri. Amene ankamugwirira zitinizo pamene ankaphunzira anali mlongo wake yemweyu. Zipsera zake zikadali ku zala.

Mu Malichi wa 1977 Fabião anamanga katundu pa njinga, n'kutenga giya, kalata ija ya ulendo, kuti akagulitse ku Majaua. Sanabwerere. Ena anati madzi amutenga, ena anati wathawira m'minda ya tiyi ya ku Malawi, ena ankangoloza kuphiri ndi mlomo, kuopa kutchula zoopsa za kumeneko. Njinga yomwe sinaoneke. Kuyambira pamenepo Lolemba loyamba la mwezi uliwonse mayi Guilhermina ankapita ku komando ya apolisi kukafunsa, mpaka wapolisi wosunga bukulo, kamarada Germano, anayamba kuwatchula kuti Kalendala.

M'mawa wa Lachisanulo mayi wina wa tsidya la Malawi anayala malonda ake pafupi: mchere, sopo ndi makoloboyi asanu ndi limodzi. Koloboyi mmodzi anagubudukira kumoto. Mayi Guilhermina anamutola kuti amubweze, koma chala chachikulu chinaima pampindiro. Anapapasanso. Anayang'ana chogwirira: chopotedwa katatu. Zinali ngati munthu wamva mawu a m'bale wake kuseri kwa nyumba.

Anamutembenuza koloboyiyo. Masana ankapita ku sukulu ya akuluakulu imene boma linatsegula, ndipo ngakhale zilembo zinkawavuta, manambala ankawadziwa. Pansi pa chitinicho panali podindidwa 1979.

"Amnzanga, awa mwawatenga kuti?"

"Ku Limbuli, kwa bambo wina wa njinga. Dzina sindimudziwa. Amati amawagula kwanu konkuno. Bwanji, akudontha?"

"Sangadonthe ameneyu," anatero mayi Guilhermina, misozi ili mbwe. Polipira koloboyiyo anamuthirira mayiyo zitumbuwa m'nsalu osawerenga, n'kukuwira mnzawo wogulitsa chinangwa. "Felizarda, ndionere chiwaya!"

"Kodi mwaona chiyani, njoka?"

Koma mayi Guilhermina anali atanyamuka kale, koloboyi ali m'manja. Anathamanga mtunda wonse wochokera pa malire kufika m'tauni, manja ali noninoni.

Kamarada Germano, mnyamata wa ku Quelimane amene Chinyanja anachiphunzirira kuno, anadzutsa mutu pa tebulo. "Mama Kalendala, lero si Lolemba. Mwasokonekera?"

Iwo anaika koloboyi pa tebulopo. "Mlongo wanga ali moyo. Wakhoma uyu ndi iyeyo, ndipo chitini chake ndi cha chaka chatha. Werengani nokha pansipo."

Germano anawerenga, n'kupukusa mutu. "Chaka ndachiona. Koma okhoma zitini ndi ambiri ngati nyerere, mama. Ine ndikalembe kwa akuluakulu anga kuti chala cha mayi wa zitumbuwa chanena? Andiseka mpaka ku Maputo."

"Chiyeseni chalacho."

"Ndichiyese bwanji?"

"Tolerani makoloboyi m'nyumba zapafupi pano, akale ndi atsopano. Mundimange kumaso, ine ndisankhepo okhomedwa ndi Fabião. Ndikalakwitsa ngakhale mmodzi, tsekani bukulo lero lomwe, ndipo nkhope yanga simudzaionanso pakhomo pano."

Mawu omalizawo ndi amene anamukopa, poti anaseka n'kunena kuti mwezi wopanda Kalendala angaulakelake. Anazungulira yekha nyumba za kuseri kwa komando, n'kubwera ndi makoloboyi khumi ndi anayi, eni ake ali pambuyo kufuna kudziwa chimene nyale zawo zalakwa. Anawandanda pakhonde. Anthu anaunjikana. Mayi Guilhermina anavula duku, Germano n'kuwamanga nalo kumaso, mfundo ziwiri.

Anagwada. Woyamba anangomukhudza n'kumukankhira pambali. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anamugwira kanthawi. "Uyu wakhoma ndi munthu waulesi," anatero, anthu n'kufa nazo, mwini wake akulumbira kuti anamugula modula. Wachisanu anamuika pamwendo. Anapitirira, osafulumira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza pamwendo panali atatu.

Germano anakweza woyamba. "Wa ndani uyu?"

"Wanga," anayankha mkulu wina. "Ndinagula kwa Fabião chaka cha ufulu."

Wachiwiri, mayi wina anati anamupatsa ndi Fabião yemweyo posinthana ndi nandolo. Wachitatu palibe anayankha. Germano anamuyang'anitsitsa, n'kukanda m'mutu. Anali wa mu komando momwemo, amene anamusakaniza dala pofuna kuwakola. Wapolisi wachikulire amene anali pakhomo anati, "Ameneyo ndinagula ndine, kamarada, inu musanabwere. Kwa wamanzere uja."

Amayi anaimba nthungululu. Felizarda, amene anali atasiya ziwaya zonse ziwiri n'kulondola, anavina pabwalo la komando mpaka chitenje kumasuka. Germano anamasula dukulo yekha, nati, "Mama Guilhermina, buku silitsekedwa." Aka kanali koyamba kuwatchula dzina lawo.

Loweruka m'mawa Germano ndi mayi Guilhermina anafika kumudzi pa njinga ya boma. A Laurindo anali pansi pa mtengo, thunthu la nthochi lili pambali, ndipo Lucinda, mkazi wa Fabião, anali atakhala chapatali, mutu uli pansi. Germano anafotokoza zonse. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatembenukira kwa mayi Guilhermina.

"Iwe Mina, ine sindikufuna kupha mwana wa mlongo wanga. Koma taona mkazi uyo. Zaka zitatu, si wamasiye, si wokwatiwa. Kwawo akundifunsa mwezi ndi mwezi. Ngati ali moyo mlongo wakoyo, bwanji osabwera? Ndiwayankhe ndi chitini?"

Funso limenelo linawalasa mayi Guilhermina, chifukwa nawonso linawavutitsa chiyambire dzulo. Bwanji osabwera? Kapena wagwidwa kwinakwake, kapena mutu unasokonekera, kapena ndi manyazi chabe. Sankadziwa, ndipo sananamizire kudziwa.

"Amalume, chimene sakubwerera tidzamufunsa yekha. Koma kuti mlamu wanga amasuke, sipafunika manda. Msudzuleni ali moyo mwamuna wake. Ndine ndinamulera Fabião. Akadzabwera n'kudandaula, mlandu udzakhale wanga." Anakwawira kwa Lucinda n'kumugwira dzanja. "Mlamu, wadikira kokwanira. Pita ukakhale moyo wako. Kudikira kwatsalako n'kwanga."

Lucinda analira kwambiri. A Laurindo anatembenuzatembenuza koloboyi uja m'manja. Kenaka anati, "Dzanja limeneli ndinalimenya ine, koma losamva." Anaimirira, n'kuuza anthu kuti thunthulo alidulire nkhumba.

Chaka chatha tsopano, ndipo Fabião sanapezekebe. Koma kumufuna kwasanduka ntchito yeniyeni. Germano analembera anzake a ku Mongue ndi ku Majaua, ndipo anakaonana ndi apolisi a tsidya lija pa mlatho. Bambo wa njinga uja anapezeka mu Novembala. Anati makoloboyi amawalandira kwa munthu winanso, pa msika wina wa kumidzi, ndipo winayo akumufunabe. Pa shelefu ya ku komando pali makoloboyi asanu ndi awiri ndi sefa mmodzi, onse a mpindiro umodzimodzi, aliyense ndi kapepala kosonyeza kumene anapezeka. Wina wa iwo ali ndi 1980 pansi pake. Katundu wa zitini akagwidwa pa malire, apolisi amatumiza uthenga pamene amakazingira zitumbuwa, mayi Guilhermina n'kupukuta manja kupita kukapapasa. Lucinda anakwatiwa ku Mongue ndipo ali ndi pakati. Mayi Guilhermina ndi amene anamuperekeza.

Ine ndimagulitsa matimati moyang'anana nawo, mwana wanga ali kumsana, ndipo atamva kuti ndinafika kalasi yachinayi anandiitana tsiku lina msika ukutha.

"Isaura, mwana wanga, undilembere zimenezi m'Chinyanja, osati m'Chipwitikizi, chifukwa Fabião Chipwitikizi chinkamudutsa. Ulembe mapepala angapo, tiwapatse a njinga apite nawo m'misika. Ndipo pansi pake uikepo kuti palibe amene wamukwiyira. Ngati kubwera sangathe, angotuma munthu adzanene kumene ali, ine ndidzapita ndekha."