Ndodo Imene Anataya mu Kanema

"Amake mwana, kodi m'buku mwanu muja nayenso amachira?"

Anandifunsa choncho mayi amene tinayandikana nawo nyumba, mkazi wa mwini golosale wa pamsika pathu, m'mawa mwake titaonera kanema. Ndinali pamwala wochapira, manja ali thovu lokhalokha. Ndinati ayi, sachira. Iwo anapukusa mutu nati, "Ndiye kuti akanemawo akonza bwino. Nkhani ya ana ingathe bwanji mwana akadali wolumala? Ayi ndithu." Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo anali iwo omwewo amene anatibwereka njinga yopitira kukanemako.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anadwala poliyo asanayambe sukulu. Kuchipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga anatiuza mosabisa kuti moyo wapulumuka, koma mwendo wakumanzere sudzabwerera. Bambo ake nthawi imeneyo anali kumigodi ku Joni. Mlongo wanga anamusemera ndodo ya muwanga, yokhala ndi pogwirira m'khwapa, nakhomera kachidutswa ka tayala kunsi kuti isamaterereke. Kwathu ndi kumapiri, pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Kulibe njira yosakwera kapena yosatsika. Ngakhale kuchitsime umatsika, pobwera n'kukwera. Ndodo ija mwana ankadana nayo. Ankaisiya pakhonde n'kumakwawa, ndipo alendo akabwera ankaibisa kuseri kwa nkhokwe.

Bukulo anandipatsa ndi mkazi wa aphunzitsi aakulu. Linabwera m'bokosi la mabuku akale ochokera kunja, chikuto chitathothoka kale. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo Chingerezi ndimawerenga chala chili pamzere. Masana tikamasenda mtedza pakhonde ndinkawerenga ndime imodzi chamumtima, kenako n'kumuuza m'Chichewa. Mawu ondikanika ndinkawasunga m'mutu mpaka Lamlungu, kukafunsa tikaweruka kutchalitchi.

Nkhani yake inali yotere. Kudziko lina mbalame zonse zinasiya kulira, chifukwa mawu ake anatsekeredwa m'mitsuko pamwamba pa phiri. Popanda kulira kwa mbalame kunja sikunkacha bwino, mbewu sizinkamera. Tsono phirilo linali ndi khalidwe lake: munthu akalithamangira, limakula. Anyamata amphamvu anayesa, asilikali okwera pa akavalo anayesa, onse anabwerera atatopa, phiri litatalika kuposa kale. Amene anakafika pamwamba ndi kamtsikana ka mwendo wopuwala, koyenda ndi ndodo, chifukwa kankayenda pang'onopang'ono moti phiri silinkamva kuti kukubwera munthu. Pakati pa buku ponse panali kukwera kokhakokha: kugwa, kupuma, matuza m'manja, ndodo kukodwa m'miyala. Pomaliza anatsegula mitsuko ija, natsika ndi ndodo yake yomweyo, mwendo uli momwe unalili, mbalame zikulira pamwamba pake.

Tisanafike n'komwe kumapeto, mwana wanga anakatenga ndodo kuseri kwa nkhokwe. Sindinamuuze ndine. Tsiku lina tikuchokera kuchitsime, ine ndili patsogolo ndi ndowa pamutu, ndinamva kumbuyo: "Amayi, musathamange. Phiri likula." Ndinaima n'kumudikira, ndikuseka, madzi akutayikira kumsana. Kuyambira pamenepo anayamba kupita kusukulu yekha, kutsika dambo n'kukwera tsidya lija. Anzake anamva nkhaniyo kwa iyeyo, ndipo pachitunda chomaliza ankandandalika kumbuyo kwake, onse kuyenda mwapang'onopang'ono, iye patsogolo. Wina akafulumira ankamukalipira ngati mphunzitsi. Ine ndikawaona kuchokera kumunda ndinkasiya khasu n'kumangowayang'ana.

Ndiye Lamlungu lina analengeza kutchalitchi kuti kukubwera galimoto ya kanema, ndipo kudzakhala ndi kanema wa ana. Mkazi wa aphunzitsi aakulu anandikoka dzanja panja. "Ndi buku lanu lija," anatero. "Alipanga kanema." Mwana wanga atamva anapukuta ndodo yake ndi mafuta a nsatsi mpaka inawala.

Anaonetsa Loweruka masana m'holo ya sukulu ya mishoni. Mazenera anatchinga ndi mabulangete ndi ziguduli. Pakhomo panaima anyamata a chipani akuona makhadi, ndipo langa ndinali nditalimanga pamfundo ya chitenje kuyambira m'mawa. Tinaimirira kuimba nyimbo ya fuko. Kenako anayamba ndi kanema wa ulimi, za mizere ndi feteleza, kenako wa msonkhano waukulu, amayi akuvina. Makanda anayamba kulira ndi kutentha. Kanema wathu anabwera pomaliza. Pambali panaima bambo wina ndi chimkuzamawu, womasulira. Buku anali asanaliwerengepo, ndipo ankangonena zimene akuona. "Taonani, akudya buledi! Tiyi alibe, ndi osauka anthu amenewa!" Anthu n'kumaseka.

Sindinganame, zina anazipanga bwino kwambiri. Pamene mbalame zinasiya kulira, anachotsa phokoso lonse, nyimbo ndi mawu omwe. M'holo munangoti zii, kumangomveka injini ya magetsi panja. Ine ndi pakamwa panga sindikanatha kumuuza mwana chete wotero. Ndipo pamene asilikali anathamangira phiri, linakuladi ife tikuona, miyala ikung'ambika, nsonga ikulowa m'mitambo. Amayi ena anakuwa. Bambo wina wachikulire anathawira kukhomo, chipewa n'kuchisiya pabenchi. Mwana wanga anandigwira mkono mwamphamvu. "Ndi lomwelo, amayi! Ndi lomwelo!"

Kamtsikana kaja kanali kokongola, ka tsitsi lalitali ndi nsapato zoyera. Zimenezo sizinamuvute mwana wanga. Iye ankayang'ana miyendo. Patapita kanthawi anandinong'oneza kuti, "Amayi, poyamba ankatsimphina mwendo uwu. Tsopano ndi uwo." Ndinamuuza kuti akhale chete, koma ankanena zoona. Ndipo ndodo yake kamtsikanako sikankaitsamira, kankangoinyamula ngati ambulera.

Anafika patsinde pa phiri. Mlongo wake anamupatsa thalauza kuti avale pokwera. Pomwepo chithunzi chinadumpha, pakhoma panadutsa mizere yoyera, ndipo titaphethira anali kale pamwamba, atavalanso diresi, mitsuko ili patsogolo pake. Anyamata akumbuyo analiza malikhweru. Womasulira uja anati, "Wafika kale! Ndi wachangu mwanayu!" Kukwera konse kuja, kumene ife tinakhala nako pakhonde nyengo yonse yokolola, kunalibe.

Anatsegula mitsuko, mbalame zinalira, kuwala kwina kunatuluka m'mtsuko waukulu n'kukhudza mwendo wake. Anauyang'ana, nauponda pansi. Kenako anatukula ndodo naiponya kuphompho. Anaionetsa nthawi yaitali ikugwa, ikutembenuzika m'mwamba. Ndipo anatsika phiri akuthamanga, manja ali m'mwamba.

Holo yonse inaimirira. Kuwomba m'manja, nthungululu. Amayi amene anakhala patsogolo pathu anatembenuka n'kumayang'ana mwana wanga, nkhope zili zosangalala, ndipo mmodzi anamusisita pamutu nati, "Waona? Nawenso tsiku lina." Iye anali atapanikiza ndodo pakati pa mawondo. Sanawombe m'manja. Anandifunsa kuti, "Ndodo waitayiranji? Ndipo akuthamanga, bwanji phiri silikukula?"

Anthu akutuluka ndinapita kwa bambo amene ankayendetsa makina. Anali akukulunga kanema pa chigudumu chake. Ndinagwada pang'ono n'kufunsa kumene kwapita kukwera phiri.

"Mayi, ine ndimangozunguza," anatero. "Amabwera atadulidwa kale kutauni. Mtsikana atavala thalauza sangaonetsedwe, lamulo mukulidziwa." Anayang'ana kukhomo kumene kunali anyamata aja, natsitsa mawu. "Musamafunse zambiri."

"Nanga zoti wachirazo?"

"Zimenezo ndi za eni ake kunjako. Mwina anaona kuti anthu amakonda choncho."

Masiku amenewo munthu sunkafunsa kachiwiri. Ndinathokoza, n'kukweza mwana panjinga, ndodo nditaimangirira kumbali.

Lolemba lake ana anamulandira kusukulu ndi nyimbo: "Taya ndodo, thamanga! Taya ndodo, thamanga!" Poyamba sikunali kumunyoza. Ankaganiza kuti akumufunira zabwino. Iye anawauza kuti m'buku sizili choncho, ndipo iwo anati, "Ife taona ndi maso. Iwe unangomva kwa amayi ako." Pachitunda chija sanandandalikenso kumbuyo kwake. Ankathamanga, mikono ili m'mwamba ngati kamtsikana ka mu kanema, n'kukamudikira pamwamba akuimba.

Ndinatulutsa buku, n'kumuonetsa tsamba lomaliza. Panali chithunzi chojambula pamanja, mtsikana akutsika ndi ndodo m'khwapa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, mwina pali tsamba lina linathothoka. Kapena simunawerenge bwino. Chingerezi chanu n'chochepa." Sanali kundinyoza, ndipo za Chingerezizo sankanama. Ndinapita naye kwa mkazi wa aphunzitsi aakulu, amene anamuwerengera mzere ndi mzere n'kumutsimikizira kuti buku limathera pomwepo. Mwana anangoti, "Zikomo," n'kumayang'ana pansi. Ndinaona kuti sizinalowe. Ife tinali ndi mawu chabe. Kanema anali ndi phiri lokula anthu akuona.

Ndinaganiza zambiri masiku amenewo. Kodi ndikanakadandaula kwa yani? Amene anadula kanema sindinkawadziwa, ndipo sikunali koti munthu n'kukagogoda. Amene anasintha mathero ali kutsidya kwa nyanja, ndipo sadziwa kuti kuli mudzi wathu. Ana oimba aja ndikawakalipira ankadabwa, amayi awo n'kumati, "Nanga alakwa chiyani? Si akumulimbikitsa?" Galimoto ya kanema inali itapita kale ku Mvera kukaonetsa ena.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina mwana anachedwa kuweruka. Ndinamutsatira ndipo ndinakumana naye kudambo akukwawa, yunifomu ili matope okhaokha, magazi pakamwa ndi m'mawondo. Ndodo analibe. Sindinamufunse msanga. Ndinamubereka kumsana, mwana wamkulu miyendo ikulendewera, ndipo tili m'njira anandiuza yekha. Anakwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu, pang'onopang'ono monga mwa buku, mpaka pamwamba. Atafika anaponya ndodo kuchigwembe monga mwa kanema. Kenako anaponda ndi mwendo uja, nagwa.

"Mwina sindinaiponye patali," anatero.

Ndinangomukweza bwino kumsana n'kupitiriza kukwera.

M'mawa mwake ine ndi mlongo wanga tinatsikira kuchigwembe kuja. Madzi anali atadutsamo ndi mphamvu, ndipo sitinapeze kanthu. Anamusemera ina, ya mtengo wa bulugamu, poti muwanga wabwino unali utasowa. Anailandira. Ankayenda nayo chifukwa panalibe kuchitira mwina, koma sanaipakepo mafuta. Mabala atapola anakanabe kupita kusukulu mpaka teremu inatha, ndipo atabwerera ankanyamuka m'mamawa kwambiri kuti akwere chitunda anzake asanafike. Buku ndinaliika m'sutikesi, pansi pa zovala za Lamlungu. Sanalifunsenso.

Anzanga a pagolosale aja mpaka lero amati sanaonepo kanema wokoma ngati ameneyo, ndipo sindiwatsutsa. Phiri linakuladi. Ine ndimangodziwa zimene zinatayika pakhomo panga: ndodo ya muwanga, dzino limodzi lakutsogolo, teremu imodzi ya sukulu, mzere wa ana pachitunda, ndi mawu aja akumbuyo kwanga pochokera kuchitsime, oti ndisathamange.