Mtsuko wa amayi wabwerera ku kasupe

Uthenga unandipeza ndikuswa mtedza pakhonde ku Namitete, kwa mwana wanga wamwamuna, kumene ndakhala chitulukire m'chipatala ndi mwendo wangawu. Foni inalira, mpongozi wanga n'kundigwirizira kukhutu. Anali Esinati, mdzukulu wanga wa kumudzi.

"Agogo, kasupe watuluka. Okutobala yemwe uno, watuluka."

"Nanga a Yohane akuti chiyani?"

"Mudzawafunse nokha."

Mtedza ndinausiyira nkhuku. Ndinaimirira popanda ndodo, ine Nachisale, ndinavina, mwendo wodwala womwewo unavina.

Mumve chifukwa chake. Kwathu ndi kuseri kwa Nsaru, ndipo kwathu mwamuna amadzakhala kwa mkazi. Koma kasupe wathu atauma, akamwini anayamba kupempha chitengwa mmodzimmodzi, kutenga akazi awo kupita nawo kwawo, nyumba n'kumagwa. Pa mbumba yonse anatsala Esinati yekha. Nayenso mwamuna wake, a Yohane, ananena poyera kuti madzi akapanda kuoneka chilimwe chino amutenga ulendo wa kwawo ku Kasiya. Akapita ameneyo, munda wa amayi anga adzalima ndani? Manda athu adzasesa ndani?

M'mawa mwake ndinatenga mtsuko wa malemu amayi, umene ndinachoka nawo kumudzi, ndinakakwera minibasi ya ku Lilongwe. Kondakitala anauyang'ana.

"Agogo, mtsukowu ulipira mpando wake."

"Ukhala pamiyendo, mwanawe. Kodi khanda limalipira?"

"Muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Ndiye mukuuyendetseranji?"

"Ukupita kukamwa."

Anaseka, analandira zikwi ziwiri, za mtsuko anaiwala. Pawindo ndimaona minda yoyera mbee, fumbi, njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Ndili mtsikana umu munali mithunzi yokhayokha. Inathera ku zigafa za fodya, inathera ku mauvuni a njerwa, pang'onopang'ono, popanda tsiku loti n'kuloza kuti lero yatha.

Pa Msundwe ndinatsika dzuwa litakwera. Ndinagula chitumbuwa chotentha, ndinapeza wa kabaza wa njinga yamoto. Nditatchula mudzi wathu anacheuka.

"Kwa anthu otola mbewu kumanda aja, eti?"

"Komweko, bambo. Yendetsani bwino, ndanyamula akuluakulu."

Njira yonse ya fumbi ija ndimamufotokozera kukhutu, mtsuko uli pakati pathu. Poyamba mudzi unadzala bulugama kuzungulira kasupe, poti amakula msanga. Anakuladi msanga, namwa ndi timadzi totsalato. Ndiye achimwene anga a Filipo anati mitengo yakale yatsala malo amodzi okha, kumanda, kumene nkhwangwa silowa. Koma kumanda sumangolowa, ndipo sutulutsako kanthu. Anakapempha kwa amfumu, anakapempha kwa adzukulu okumba manda. Kuyambira pamenepo maliro akachitika, adzukulu amatuluka m'matumba mwadzadza njere: katope, mkuyu, mbawa. Ife amayi a mvano timazilandira, timafesa m'machubu tikuimba nyimbo za m'buku. Ena kumpingo anang'ung'udza kuti n'zachikunja. Ena anakana kugwira mbande ndi manja. Koma bulugama anazulidwa, katope analowa, ndipo midzi yonse ya m'mbali mwa dambo inatsatira, dzinja ndi dzinja, mpaka kumtunda. Nthawi imeneyo Esinati anali wa sukulu.

"Nanga mizimu sinakwiye?" anafunsa wa kabaza.

"Tikukaona komweko."

Pa Nsaru tinafika masana, msana uli gwa. Apo ndinapeza ngolo ya mudzi woyandikana nafe ikubwerera kuchokera kuchigayo, ndinakhala pa thumba la ufa, ng'ombe zikuyenda ngati zilibe kopita. Mtima unali patsogolo, thupi linali pambuyo. Ndimadzifunsa: kodi akakhala madzi a pa supuni? Kodi a Yohane akawaona n'kupukusa mutu?

Dzuwa litapendeka tinafika pamutu pa dambo. Ndinayamba kumva kuzizira ndisanaone kanthu. Mthunzi, anthu inu, mthunzi. Njuchi zikulira m'mwamba, masamba ofewa kuphazi, chule mmodzi akudzitama kutsidya. Esinati anandichingamira, anandigwira mkono, tinatsikira ku mizu ya katope, ndipo apo anali. Si mtsinje ayi, ndisakunamizeni. Ndi timadzi tongosefukira mwakachetechete m'kadziwe, toyera, tozizira mpaka m'mano. Ndinagwada, ndinamiza mtsuko. Unalira gubudugubudu monga umalirira m'manja mwa amayi. Madzi abwera, madzi abwera, ana anga, madzi abwera kwawo.

Kumunsi kunamveka khasu. Ndinapeza a Yohane ali m'matope mpaka m'maondo, chikombole chili m'manja, njerwa zaziwisi zili ndandanda padzuwa. Mwamuna wa mdzukulu ndi mwamuna wanganso, timaseka naye.

"Amuna anga, ndimamva kuti mukutithawa, ine ndi mkazi mnzangayu."

Anapukuta thukuta ndi mkono. "Agogo, njerwa zonsezi ndikasenza bwanji mpaka ku Kasiya?"

"Ndiye muotchera nkhuni ziti?"

"Sitiotcha. Ndi zidina izi, dzuwa liumitsa. Chipinda chanu chiyang'ana kuno."

Esinati anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinakhala pansi pompo.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ulendo uno wandiuza kanthu. Ife amoyo tinadula, akumanda anasunga. Anasunga mitengo, mitengo yagwira mvula, mvula yagona pansi, ndipo lero yadzuka kudzasunga mbumba.

Madzulo ake tinapemphera pansi pa mkuyu, mtsuko unazungulira, aliyense anamwako. Anabwera a Filipo achimwene anga ndi akazi awo Nambewe. Anabwera Nangozo wa mvano, uja amakana kugwira mbande, anamwa kawiri. Anabwera adzukulu, a Sitolo ndi a Lemoni ndi a Kachigamba. Anabwera Esinati, anabwera a Yohane matope ali kumiyendo, anabwera Namaseko wa kutsidya ndi thobwa lake, anabwera Eneresi amene anapita ku chitengwa kalekale, akufunsa ngati bwinja lake likadalipo. Ndipo amayi anga Naphiri, amene katope wa pamanda awo ndiye anabala akatope onsewa, ndikuti analipo.