Tsiku limene anandisudzula ku Chiosya

Ndinaganiza zochoka patatha masiku atatu titaika maliro a mkazi wanga, Esinati. Mnzanga wina wa ku koleji ya zaulimi anali atandiuza kale kuti pafamu ina ya tirigu ku Mkushi, m'dziko la Zambia, akufuna munthu woyang'anira zothirira. Poyamba ndinakana chifukwa Esinati anali woyembekezera. Tsopano panalibenso chondiletsa, ndipo ndinamuimbira foni.

Esinati anamwalira patangopita maola ochepa atachira. Magazi sanaleke. Mwana, wamkazi, anatsala wamoyo. Ndinamuona kamodzi kuchipatala, kawiri kumudzi ali m'manja mwa mlamu wanga Chisomo, mng'ono wake wa Esinati. Sindinamunyamule.

Kwathu ndi ku Kachebere, koma ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga ku Chiosya. Nyumba ndinamanga pamalo awo, mtedza ndinkalima m'munda wawo, ndipo pa mwambo wathu mwana amakhala wa kuchikazi. Zaka zitatu zimene ndinakhala pamudzipo, apongozi anga, aNambewe, sanandilankhulepo maso ndi maso. Ulemu wake ndi umenewo. Tikakumana panjira mmodzi ankapatuka, ndipo mawu awo onse ankadzera mwa Esinati. Iye atapita, panalibenso wodzeramo. Pamaliro anangokhala chete atayang'ana kumbali, ndipo ine ndinamva kuti akundiimba mlandu. Mlanduwo ndinkaudziwa: tsiku limene matenda anayamba ndinali ku boma, ndipo ndinauza akunyumba pafoni kuti Esinati asakwere njinga yamoto, adikire ndibwere ndi galimoto. Ndinachedwa.

Ndinatsanzika kwa atsibweni ake a Esinati, a Mbewe, amene ndiwo mwini mbumba.

"Mukupita tisanamalize za maliro?" anandifunsa.

"Ntchitoyo sidikira."

"Nanga dzina la mwana? Woyamba amatchula ndi akuchimuna."

"Ndidzatumiza pafoni."

Sindinatumize.

Ku Mkushi ntchito inali yabwino, sindinganame. Makina othirira kumeneko ndi aatali ngati mlatho, amayenda okha mozungulira munda, ndipo ine ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti asaime. Anthu ankalankhula Chibemba, ankanditcha "ba Malawi", ndipo palibe amene ankadziwa kuti ndinali ndi mkazi. Zimenezo ndi zimene ndinapitira. Lamulungu anzanga akapita kumpira ine ndinkachapa zovala zochapa kale.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya. Mkaka wa m'chitini ndi wodula, ndipo ndinkadziuza kuti bambo weniweni ndi amene akugula mkakawo. Kunena zoona, kutumiza ndalama kunali kosavuta kusiyana ndi kulankhula. Chisomo ankanditumizira mauthenga a mawu. Ndinamvetsera woyamba wokha. Iye ankafotokoza za mtengo wa sopo, koma kumbuyo kwake mwana ankalira, ndipo ndinazimitsa foni ndi kupita kukayang'ana mapaipi amene analibe vuto lililonse. Ena onse ankangounjikana osatsegula.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri a Mbewe analemba okha: "Tikufuna tikusudzuleni Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Mubwere ndi wachibale mmodzi."

Kusudzula ndi kumasula munthu wofedwa. Akuchikazi amakupatsa katundu wako ndi kandalama m'mbale, n'kukuuza kuti ukwati watha, bwerera kwanu, ukafuna kwatira. Nditawerenga uthengawo m'pamene ndinazindikira chimene ndinkathawa. Malinga ngati sanandisudzule, ndinali ndikadali mwamuna wa Esinati, ndipo pamudzipo panali khomo langa. Akandisudzula ndidzakhala mlendo. Mwana amene sindinamunyamulepo ndizidzachita kupempha kuti ndimuone, kwa anthu amene ndinawaphera mwana wawo ndi kuchedwa kwanga. Ndinapempha tchuthi cha sabata imodzi, ndipo ulendo wonse mpaka kumalire a ku Mwami ndinkakonza mawu opemphera kuti azindilola kubwera ngakhale pa Khirisimasi pokha.

Ndinadzera ku Kachebere kukatenga mkulu wanga kuti akhale mboni, ndipo tinafika ku Chiosya dzuwa lili pamutu. Inali nyengo yoswa mtedza, makoko ali mbwee pabwalo. Ndinkayembekezera kupeza nyumba yanga yotseka. Chitseko chinali pululu, pachingwe pali matewera, ndipo pakhonde panandandalikidwa zitini za mkaka zija, muli mbande za tomato. Chisomo anatuluka akupukuta m'manja.

"Alamu, mwanenepatu. Kodi mafoni a ku Zambia alibe makutu? Amangodziwa kulavula ndalama basi?"

Anandiyang'ana pang'ono, n'kulowa kukatenga madzi akumwa.

Mwambo unachitikira pansi pa mtengo wa mango. Pamphasa anaikapo njinga yanga, mabuku anga a ku koleji, sutikesi ndi nsapato za ukwati. Apongozi anakhala patali, kuseri kwa nkhokwe, monga mwa nthawi zonse, mwana ali kumsana. A Mbewe sanachulutse mawu. Anati mwana wawo ndinamusunga bwino, sanamvepo kuti ndamumenya kapena kumugoneka ndi njala. Anakankhira mbale kwa mkulu wanga, iye anakankhira kwa ine, ndipo ndinatola ndalamayo.

"Takumasulani, a Phiri. Yendani bwino."

Za mwana sananene kanthu. Mawu amene ndinakonza m'basi aja anali atandithawa. Ndinagwira pansi kuti ndidzuke.

Pamenepo aNambewe anaimirira. Anadutsa pakati pa anthu, anamasula mwana kumsana, n'kudzakhala pamphasa pomwepo, mawondo awo pafupi kukhudza anga. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Chipumi chinali cha Esinati.

"Achimwene, mwatha?" anatero akuyang'ana a Mbewe. "Ndiye kuti awa si akamwini anganso?"

"Ayi, tawamasula."

"Zikomo. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikudikira kuti ndiwakalipire bwinobwino, mwambo unkanditseka pakamwa. Ndinachita kukukakamizani kuti muwaitane, inu mumangoti tiwapatse nthawi, tiwapatse nthawi."

Wina anaseka kumbuyo. Iwo sanaseke.

"Inu a sukulu, tandiuzani. Ndalama zanuzo zimatchula dzina? Kusikelo anamwino amandinyoza mwezi ndi mwezi. Pabuku analembapo kuti mwana wa Esinati, ngati ndi wotola. Kutchalitchi akuti sangabatize munthu wopanda dzina. Chisomo amamuti Bebi. Achimwenewa amamuti Bwana, poti akalira tonse timathamanga. Ine ndimangoti Naphiri, chifukwa mfunda wokhawo ndi umene munamusiyira."

Ndinaweramitsa mutu. Chimene chinatuluka pakamwa panga sichinali chimene ndinakonza.

"Amayi, tsiku lija ndinachedwa ndi galimoto."

Apongozi anapukusa mutu.

"Ine ndinali pomwepo," anatero, mawu atatsika. "Njinga yamoto inali pakhomopa, mwini wake atailiza kale. Esinati anati akuopa mabampu, ine mayi wake ndinamumvera. Ndiye mukufuna mlanduwo tigawane bwanji, pakati? Ine ndinaulira wanga ndili ndi mwanayu kumsana. Inu munakaulirira kutali nokhanokha, mwapindulanji? Tambasulani manja."

Anandiikira mwanayo pamiyendo. Ndinafulumira kuchirikiza mutu wake ndi chikhatho, monga mmene ndinaonera kuchipatala.

"Khosi linalimba kalekale limenelo," anatero Chisomo. "Akukhala yekha uyu."

Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, wofunda, akununkhira sopo ndi phala. Anandiyang'anitsitsa, anakwinya nkhope, n'kuyamba kulira akutambasulira manja kwa Chisomo. Ndinafuna kumupereka.

"Musiyeni alire," anatero apongozi. "Ifenso anatilirira chomwecho. Dzina?"

Dzina linalipo kuyambira kale. Analisankha ndi Esinati mimba ili ndi miyezi isanu, tikuchokera kumunda, ndipo ine ndekha ndi amene ndinkalidziwa. Sabata ya maliro sindikanatha kulitchula, ndipo pambuyo pake ndinkaona ngati ndilibenso ufulu wolitchula.

"Mayi ake anati akadzakhala wamkazi adzakhale Takondwa."

Apongozi analibwereza kawiri chapansipansi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anatuma Chisomo kukatenga buku la sikelo ndi cholembera. Ndinalemba mwana ali pamwendo, akukoka cholemberacho, ndipo zilembo zinakhota ngati za mwana wa sitandade wani.

Mkulu wanga anafunsa kuti katunduyo timangirire bwanji panjinga. A Mbewe anayang'ana mlongo wawo asanayankhe.

"Nyumbayo ndi ya Takondwa," anatero. "Sindinamvepo bambo akuletsedwa kugona m'nyumba ya mwana wake. Mabukuwo bwezerani m'nyumba, chiswe chingawadye panjira."

Lolemba lotsatira linali tsiku la sikelo. Pamzere wonse mwamuna ndinali ndekha, ndipo amayi ena ankagwirana m'mapewa akundiyang'ana mmene ndinamangira mwana ndi chitenje. Namwino anatsegula buku, anawerenga, n'kukweza maso.

"Mwapezeka, bambo?"

"Ndapezeka."

Ku Mkushi ndinabwererako kukamaliza miyezi itatu imene inatsala kuti tikolole tirigu. M'basi yochokera ku Chipata ndinatsegula mauthenga a Chisomo aja, umodziumodzi kuyambira wachiwiri. Munalibe mawu ondiimba mlandu. Munali za chimfine, za dzino loyamba, za tsiku limene mwana anatembenuka yekha n'kugwa pamphasa. M'mauthenga angapo, chapatali, ndinkamva mawu a apongozi akuuza Chisomo zoti anene: "Uwauze kuti wayamba kuseka. Uwauze abwere adzaone." Miyezi yonse ija iwo ankandilankhula m'njira yokhayo imene mwambo unkawalola, kudzera mwa munthu wina.

Tsopano ndili ku Chiosya, ndikulima tomato kudimba ndi pampu imene ndinabwera nayo. Takondwa wayamba kuimirira atagwira mwendo wa tebulo. ANambewe amandikalipira pafupifupi tsiku lililonse, maso ndi maso, nthawi zambiri chifukwa cha phala lotentha kwambiri.