Lestina Nampeya ndi nsomba za m'mabotolo

Aliyense amene anakhalako m'malayini a nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa Thyolo Boma, kuyambira cha m'ma 1995 mpaka 2008, amawakumbukira a Lestina Nampeya. Anali mayi wamfupi, woyenda ngati wachedwa, wa majombo oyera ndi ndodo ya nsungwi. Ndodoyo sinali yoyendera ayi. Inali yogubuduzira zitini.

A Lestina anabadwira kwa Nsabwe, m'banja la mpingo wa Sabata. Bambo awo anachokera ku Mozambiki ali mnyamata, ndipo mayi awo ankachapa zofunda za odwala pachipatala cha mishoni. Mwanayo anakula akuona mayi ake akutsuka m'manja mpaka zala kuyera mbuu, ndiye nayenso anatengera. Atamaliza sukulu anaphunzira za ulangizi wa zaumoyo, kenaka kiliniki ya pa esiteti inawalemba ntchito. Ankayeza ana pa sikelo, kuthira mankhwala m'zitsime, kusuzumira m'zimbudzi za eni ake, koma chachikulu chinali kuthamangitsa madzi odikha, amene udzudzu umaswanamo. Chitini, tayala lakutha, chigoba cha mphika, chilichonse chosunga madzi a mvula, ndodo ija inkachipeza.

Pafunika kufotokoza bwino apa kuti a Lestina analibe mphamvu yolipiritsa munthu kapena kumuchotsa ntchito. Mphamvu zawo zonse zinali pakhomo pawo. Mayi wina akayamba makani, iwo ankangoti, "Tiyeni kwathu mukaone ngati mukapeze dontho." Ndipo makani ankathera pomwepo, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pakhomo pa a Nampeya ngakhale bakha akhoza kufa ndi ludzu.

Amuna awo, a Blackson, anali ochokera kwa Chimaliro, ndipo anali khukhi kunyumba ya manijala. Anali munthu wofatsa, woseka osatulutsa mawu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungeni, anali ku sekondale yogonera komweko. Banjali linali pamtendere mpaka 2001, pamene manijala uja ankabwerera kwawo. Antchito ena a m'nyumbamo adona, akazi a manijalayo, anawasiyira mapoto, ena mabulangete. A Blackson anafika kunyumba atakumbatira katoni ya mabotolo, akuyenda ngati anyamula mazira.

M'botolo lililonse munali kansomba kamodzi, kotalika ngati chala, kamchira kotambalala ngati siketi. Ina inali yofiira, ina yabuluu, zinazo zotuwa ndi zosaoneka bwino, zimene a Blackson anati ndi zazikazi. Dzina lake anati ndi beta, zochokera kutali kumaiko a ku Asia. Zazimuna sizikhalira limodzi, zimaphana, choncho pakati pa mabotolo ankaikapo kachikatoni kuti zisaonane.

"Zimadyedwa?" anafunsa a Lestina.

"Ayi."

"Nanga zimatani?"

"Zimangokhala."

"Ngati abale anu aja akabwera kudzacheza."

A Blackson anaseka kuseka kwawo kuja, nayala mabotolowo pashelefu ya pabalaza. A Lestina sanadandaule kwenikweni tsiku limenelo. Ankaganiza kuti zifa zokha mwezi usanathe.

Sizinafe. M'mawa wina anapeza pamwamba pa madzi a yofiira ija pali thovu lomata, losaphulika, ngati malovu a munthu wa chifuwa.

"Bambo a Tisungeni, mwalavulira m'botolomu?"

"Si ine mayi, ndi iyeyo. Akumanga nyumba. Akufuna mkazi."

"Nyumba ya malovu?"

"Nanga njerwa akazitenga kuti?"

Madzulo ake a Blackson anatenga beseni lotsukiramo mbale, osapempha, nathiramo madzi, naikamo yofiira ija pamodzi ndi yaikazi. Zimene a Lestina anaona m'besenimo masiku otsatira zinawachotsera chilakolako cha chakudya. Yaimuna inkathamangitsa yaikazi, kuiluma, kuing'amba zipsepse mpaka zinasanduka nsanza. Kenaka inaikulunga ndi thupi lake pansi pa thovu, timazira toyera tinayamba kugwa, ndipo iyo inkatitola ndi pakamwa n'kukatilavulira m'thovu muja.

"Ikudya ana ake!"

"Ayi, ikuwasunga. Bambo ndi amene amalera."

"Ndiye mayiyo?"

"Timuchotse, angaphedwe."

A Lestina anaiyang'ana yaikazi ija itabwezedwa m'botolo lake, ili phee pansi ngati kansanza ka mopu, ndipo beseni limenelo sanatsukiremonso mbale.

Timazira tija titaswa, tiana tinali ting'onoting'ono ngati nsidze, tosatha kudya chakudya chenicheni. A Blackson anali ataphunzira kwa adona aja chochita. Ankaviika masamba a kabichi ndi makoko a nthochi m'botolo, n'kulisiya pawindo mpaka madzi achite mbuu, kenaka n'kumadontheza madzi owolawo m'beseni ndi supuni. Ankati m'madzimo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene tianato timadya. A Lestina tizilombo tosaoneka ndi maso ankatidziwa bwino, ndi timene ankalimbana nato tsiku ndi tsiku. Fungo lake linkakulandira pakhomo. Sabata lina amayi a Dorika atabwera kudzacheza, mmodzi anafunsa mwaulemu ngati kudenga sikunafere khoswe. A Lestina anavomera kuti mwina ndi khoswe, chifukwa khoswe anali wochititsako manyazi pang'ono.

Tiana tija tinakula, ndipo kachimuna kalikonse kanafuna botolo lakelake. Mabotolo a jamu, a mayonesi, a Sobo odula pakhosi, anadzaza shelefu, anatsikira pansi, anafika mpaka kuseri kwa chitseko. Itafika nyengo ya chiperoni, a Blackson anati nsombazi sizipirira kuzizira. Ankazungulitsa mabotolo pa mbaula, n'kuwafunditsa chitenje cha akazi awo, eni chitenje ali kumbuyo akunjenjemera.

Zonsezi a Lestina anazipirira, chifukwa zinali za m'nyumba, ndipo chitseko chinkatsekeka. Chimene chinatulukira kunja chinali chakudya. Kachitini ka chakudya cha nsomba kamene adona anasiya kanatha, ndipo china chinkapezeka ku Blantyre kokha. A Blackson ankadziwa kuti nsombazi zimakonda mphutsi za udzudzu kuposa china chilichonse.

A Lestina anazizindikira kudzera m'sefa. Monga a Sabata, tiyi wa m'munda sankamwa ngakhale ankakhala pakati pake, ankamwa wa udzu wa mandimu. M'mawa wina anatenga kasefa kawo kuti asefe, napeza kali konyowa, ndipo m'mphepete mwake timphutsi takuda tikuphiriphitha. Anathamangira panja kukasanza. Ali chiweramire kuseri kwa khitchini, anaona pansi pa nthochi zitini zitandandalikidwa bwinobwino, zodzaza madzi obiriwira, zovundikiridwa ndi masamba kuti zisaoneke.

Anazigubuduza zonse ndi mwendo, ndodo sanaifune n'komwe. A Blackson atabwera anawadikirira pakhomo.

"Bambo a Tisungeni, ntchito yanga mumaidziwa?"

"Ndimaidziwa."

"Ine ndizizungulira m'makomo mwa anthu ndi ndodo, inu mukuweta udzudzu kuseri kwa nyumba yanga?"

"Sindiulola kuuluka, mayi. Ndimasefa usanamere mapiko."

"Mumauwerenga? Mumaulemba mayina ngati pa sikelo? Anthu akaziona izi, ine ndidzatsegula pakamwa pati?"

A Blackson anawerama. Anatola zitinizo, nakazitaya kudzala. A Lestina anayesa kuti nkhani yatha, ndipo kwa kanthawi ankadabwa chabe kuti nsombazo zikunenepabe.

Mvula itayamba, ntchito inayamba kuwavuta. M'layini imene kale ankangodutsa, tsopano khomo lililonse linali ndi chitini. Akagubuduza lero, mawa chadzukanso. Chinawadabwitsa n'chakuti zitinizo sizinali zotayidwa mwachisawawa ayi. Zinali zoikidwa pamthunzi, zovundikiridwa ndi masamba. Ku kiliniki ana a malungo anachuluka. Sitinganene motsimikiza kuti zitinizo ndizo zinachititsa, pakuti chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, koma mkulu wa pa kiliniki, a Leonard, sanafune kumva za mvula. Anawaitanira a Lestina m'kaofesi kawo.

"Mayi Nampeya, layini yanu yomwe ndi imene ikutidzazira benchi. Ngati anthu asiya kukumverani, tiuzeni, tiitanitse munthu wina ku Boma."

A Lestina anatuluka m'kaofesimo. Analunjika kwa a Esnat, mayi wothyola tiyi wodziwika ndi pakamwa, amene anali pakhonde ndi anzake atangoweruka, madengu ali pansi. Kumbali kwa nyumba kunali chitini chachikulu cha mafuta ophikira. A Lestina anakweza ndodo.

"Iii, a zaumoyo, ndodoyo itsike kaye," anatero a Esnat. "Chitini chimenecho chili ndi mwini wake."

"Mwini wake ndi udzudzu."

"Mwini wake ndi amuna anu, achemwali. Anachita kupereka oda."

Amayi aja anayamba kugwirana mapewa. A Esnat anafotokoza mosafulumira, ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. A Blackson ankabwera ndi kasefa tsiku la sikelo, akazi awo ali bize ndi ana. Ankasefa chitini chilichonse m'layinimo, n'kusiya zidutswa za keke za kunyumba ya manijala watsopano amene ankamuphikira, ndipo khomo lokhulupirika ankalipatsa kansomba. A Esnat analoza pawindo lawo. Panali botolo la jamu, kansomba kabuluu kakuyandama m'menemo.

"Ndiye ife timvere ndani?" anafunsa a Esnat. "Bambo akuti sungani, mayi akuti tayani. Kambiranani kaye kuchipinda."

"Kapena udzudzu wa a Sabata suluma Loweruka," anatero mayi wina, ndipo khonde lonse linagwa ndi phwete.

A Lestina anatsegula pakamwa kuti anene mawu awo aja a masiku onse, oti tiyeni kwathu mukaone, koma anawameza. Kwawo kunali chiyani choti anthu akaone? Anatembenuka, nayamba ulendo wa kunyumba. Amayi aja anawatsatira chapatali, ena akuitana anzawo.

Atafika anatsegula chitseko n'kuchisiya chotsegula, fungo lija linatuluka kukalonjera alendo. Ananyamula mabotolo ochuluka momwe manja akanathera, napita nawo pakati pa bwalo, nawakhuthula pansi. Anabwerera, natenga ena. Tinsomba tinkadumphadumpha m'fumbi, michira yokongola ija itamatirira ngati masamba ofota. Nkhuku zawo, zimene zinali kuseri, zinamva phokoso la madzi ndipo zinabwera mothamanga. Zinajompha, zinalandana, ina inathawa ndi kansomba kabuluu kakulendewera kukamwa, anzake ali pambuyo. Kuseka kuja kunatha. Mayi wina anaphimba kumaso ndi chitenje.

A Blackson anatulukira nthawi yomweyo kudzapuma masana, epuloni yoyera ili m'chiuno. Anaima, nayang'ana bwalo lonse. Kenaka anagwada m'matope muja, natola yofiira yoyamba ija, imene nkhuku zinali zisanaione. Inali itakutidwa ndi dothi, pakamwa pokha pakutsekuka. Anayang'ana uku ndi uku kufuna madzi, koma pakhomo pa a Nampeya panalibe chitini.

"Mukanandiuza, mayi a Tisungeni," anatero motsitsa mawu, "ndikanazipereka kwa anthu."

"Anthu ake ati? Awa?" A Lestina analoza amayi aja ndi ndodo. "Ndi awa amene mwandigulitsa kwa iwo ndi nyenyeswa za keke."

A Blackson analowa m'nyumba nsomba ili m'manja, ndipo pamene ankafika pandowa inali itasiya kupuma. A Esnat anali oyamba kuchoka. A Lestina anamva chitini cha a Esnat chija chikugubuduzika, kenaka china chapafupi, kenaka china kumapeto kwa layini, eni ake akutaya okha madzi.

Munthu wa ku Boma uja sanaitanidwe. A Lestina anagwira ntchito yawo mpaka anapuma mu 2008, ndipo layini yawo inabwerera kukhala youma. Anthu akangoona majombo oyera akutsika m'kanjira ka m'tiyi, ankathamanga kukataya madzi iwo asanafike. Koma mpando sankawapatsanso, ndipo moni ankayankha ndi mawu amodzi. Tinsomba ta m'mawindo a anthu tinatha tokha chiperoni chotsatira. A Blackson sanawetenso kanthu, ndipo za tsikulo sanazitchulepo. Akaweruka ankakhala pabalaza, manja pamaondo, mpaka chakudya chipse.

Nkhuku zija a Lestina anazipirira sabata imodzi yokha. Akaziona zikupalasa pabwalo, ankakumbukira tinsomba tija. Anayesa kupatsa anthu a m'layini, koma palibe anazifuna, mpaka anazimanga miyendo n'kuzikweza minibasi ya kwa Nsabwe, kumene nkhaniyi inali isanafike. Kuyambira pamenepo dzira sanalidyenso, ngakhale la kugolosale.