Samusa wa a Killian

Ku Barking kuno mukafunsa za a Killian Daka, ena amakanda mutu. Koma mukangoti, "aja a galimoto yolira ngati njuchi zalowa m'chitini," aliyense amati, "Ooh, madala aja!"

Anali a ku Chipata a Killian. Anabwera ku London mwana wawo Taonga ali kumsana, napeza ntchito yokankha mabedi a odwala pa chipatala china, ndipo anakankha mpaka imvi mbuu. Mowa ayi, mpira ayi. Chawo chinali chimodzi: kagalimoto kofiira kachijapani, kakale, kafupi moti polowa umachita kugwada. Injini yake ndi ija amati lotale. Mkati mwake mulibe mapisitoni okwera ndi kutsika ngati magalimoto ena, muli chitsulo cha ngodya zitatu chomangozungulira. Mkazi wawo, mayi Edna, ataona chithunzi cha chitsulocho anangoti, "Basi samusa ameneyu ndi amene mumandisiyira ndekha Loweruka lililonse?" Dzina linakhala lomwelo.

Ndiye mukanawamva a Killian akamakamba za Samusa. Dzanja limodzi kumbuyo, chala m'mwamba, mawu ngati abusa pa guwa: "Amake Taonga, iyi si galimoto wamba iyi. Ili ndi malamulo ake." Malamulowo amayamba kuwatchula pakhomo mpaka kukhitchini, mayi Edna akusita yunifolomu, akungoti "eee, eee, ndamva," pomwe mutu uli pa shifiti ya mawa. Layisensi anali nayo mayiwa, koma mu Samusa amaloledwa mpando wa kumanzere ndi kugwira chikwama basi.

Sitiroko inawapeza a Killian m'bafa, m'mawa wina wozizira. Inatenga dzanja ndi mwendo wa kumanzere, lilime nalo linalemera. Munthu wa malamulo onse aja anatsala ndi "mm" basi. Anawapezera malo kunyumba ina yosamalira odwala ku Woolwich, tsidya la mtsinje, chipinda cha pansi, windo loyang'ana poimika magalimoto.

Mayi Edna anati zivute zitani Samusa asafe. Loweruka lililonse amatsika ndi kiyi, kumuliza, braaa! Koma phokoso lija limawachititsa manyazi. Pamwamba pawo pamagona anthu ogwira ntchito ya usiku, ndiye akangomva kuti walira, pomwepo phi, kuzimitsa, kuthawira m'nyumba. Anachita zimenezi nyengo yozizira yonse. Loweruka lina anapotokola kiyi, Samusa anangoti wiiiiii, ngati makina osokera opanda ulusi. Anayesanso. Wiiiiii. Fungo la petulo lokhalokha.

Sabata yomweyo ndi imene adokotala anawaitanira pambali n'kuwauza kuti bambo sakumezanso, auzeni abale. Mayi Edna anabwerera m'chipinda muja. Chonena chinawasowa, ndiye anangonena chimene chinabwera: "Bambo a Taonga, Lamlungu ndibwera naye Samusa pa windo apa, mumumve." Diso la a Killian linawala, koyamba chilowereni m'nyumba imeneyo. Mayi aja sananene kuti Samusayo sakulira.

Anaimbira a Bwalya, dalaivala wa basi, mnzawo wa a Killian wakalekale. A Bwalya ndi Mbemba, ndipo mukudziwa, Mbemba ndi munthu wa kum'mawa kwa Zambia ndi pachimbuya, chibale cha nthabwala: kunyozana ndiye moni wawo, ngakhale pamaliro. Anafika Loweruka ndi mawaya ojampira batire, mimba patsogolo, akukuwa ali patali.

"Mulamu! Ili kuti ngolo ya wodya mbewa uja?"

"Odya anyani mwafika? Onani umo, mwina mungathandizeko."

A Bwalya anatsegula kutsogolo, n'kuyang'ana, n'kuyang'ananso. "Injini yake ili kuti? Aka? Aka n'kachigayo ka tsabola aka."

Analumikiza batire ku galimoto yawo. Wiiiiii. Anamasula mapulagi, anatuluka onyowa ngati agwera m'chitsime. Anawapukuta, kuwabwezera, kukhala pampando, kuyamba kupopa chopondera mafuta pha pha pha ngati magalimoto akale a ku Kitwe. Wiiiiii. Mayi Edna anati bwanji tifunse pa foni, a Bwalya anakana. "Ine, woyendetsa basi ya nsanjika, ndifunse foni za galimoto ya Killian? Akamva adzuka kudzandiseka." Atanena choncho anayamba kupukuta manja amene anali opukuta kale.

Mayi Edna anajambula kulira kuja pa foni. Masana anakwera sitima kupita ku Woolwich, njira yonse akuganiza kuti anene kapena asanene. Atafika anangoyika foni pa pilo n'kutsegula.

Wiiiiii.

A Killian anatseka maso. Kenako mwendo wa kumanja, wabwino uja, unawongoka n'kukankha thabwa la kumiyendo kwa bedi. Unakankha mwamphamvu osasiya, zala zikunjenjemera. Unamasuka, n'kukankhanso.

"Mayo, mtsempha wakoka!" Mayi Edna anagwira mwendo kuti ausisite, a Killian n'kuuchotsa mwaukali. Mayi aja anathamangira nesi, mayi wa ku Zomba dzina lake Yamiko. Yamiko anayang'ana mwendo, n'kuyang'ana nkhope.

"Mayi, awa sakumva kupweteka ayi. Akukukalipirani awa."

Chala cha a Killian chinagogoda foni. Mayi Edna anatsegulanso. Wiiiiii. Phazi lija pansi, osasuntha.

Pamenepo ndi pamene mawu a amuna awo aja anawabwerera mayi Edna, ngati akuchokera kukhitchini, fungo la yunifolomu yotentha lili pomwepo: "Amake Taonga, lamulo loyamba, osamuzimitsa asanatenthe. Mukatero amamwa mafuta n'kutsamwa. Akatsamwa, osapopa ayi. Pondani mpaka pansi mukhale pomwepo, pamenepo amatseka mafuta n'kulavula amene anamwa."

Mayi Edna anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndamva, bambo a Taonga," anatero. Ulendo uno anamvadi. A Killian anati "mm," phazi n'kupumula.

Lamlungu m'mawa sanapite kutchalitchi. A Bwalya anabweranso ndi mawaya awo, koma pampando wa dalaivala panakhala mayi Edna. Anaponda mpaka pansi, kupotokola kiyi. Wiiiiii. Kupumira. Kupondanso. Wiiii-chu-wiiii. Kupumira. Anabwereza mpaka mwendo kuchita dzanzi, kulira kuja kukusintha pang'onopang'ono, chu-chu-chu, ngati nkhalamba ikukonza kukhosi. Anachotsa phazi, kupotokola.

Bu. Bubu. Braaaaaa!

Utsi woyera unadzaza msewu wonse. Mawindo a m'mwamba anatseguka, wina n'kukuwa zake m'Chizungu. A Bwalya akuvina ndi mimba yawo mu utsimo, akukhosomola. Mayi Edna akuseka, phazi lili pa moto pang'ono poti akangolichotsa Samusa amafuna kuzima.

Foni inalira. Anali Yamiko.

"Mayi, muli kuti?"

"Kunyumba. Walira! Tikungodikira akhazikike, tinyamuke."

 "Mayi, kupuma kwa bambo kwasintha. Sindikufuna kukunamizani. Mtsinje simuwoloka pa nthawi yake."

Mayi Edna anayang'ana chiwongolero, n'kuyang'ana a Bwalya amene anali atasiya kuvina. Kenako anati, "Mwanawe, ikani foniyo pa khutu pawo."

Anapatsa a Bwalya foni kuti aigwire pafupi ndi injini, iwo n'kuponda moto. Samusa analira bwino tsiku limenelo, kulira kosalala kokwera m'mwamba, kuja anthu amati njuchi m'chitini. A Bwalya anawerama n'kukuwira mu foni, mawu akuthyoka:

"Iwe Killian, wodya mbewa iwe! Wamva chigayo chako? Mkazi wako ndiye wachiliza, iwe unali kutinamiza chabe kuti n'chovuta!"

Anabweza foni. Mayi Edna anaiika ku khutu.

"Phazi likuyenda," Yamiko ananong'ona. "Akuponda pang'onopang'ono, ngati ali pa msewu." Panapita kanthawi. Kumbali ija kunali zii, kuno injini yokha. Kenako, "Mayi... achotsa phazi."

Mayi Edna sanakuwe. Anaika foni pa mpando wa kumanzere, pa malo awo aja a chikwama, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Misozi imangotsika yokha mpaka m'khosi.

A Bwalya anachotsa mawaya, kutseka kutsogolo, kuvula chipewa. Anabwera pa windo. Nthabwala zonse zinali zitawathera.

"Mulamu, zimitsani. Tipite pa yanga."

Mayi Edna anayang'ana kasingano kosonyeza kutentha kwa injini. Kanali kakadali pansi, kakungoyamba kumene kusuntha.

"Sanatenthe," anatero.

 A Bwalya anazungulira, kugwada, kudzipanikiza ndi mimba yawo mu kampando kaja, foni n'kuifumbata m'manja. Anakhala awiriwo mu utsi umene unali kutha, akudikira kasingano kafike pakati.