Kalata Imene Mwera Unafufuta

Ndinanyamuka pa boma la Mangochi Lachisanu m'mawa, sikisi koloko isanakwane, mwana kumsana, kathumba m'manja. Kunali kumapeto kwa Juni, mwera ukuzizira mpaka m'mano. Ndinkapita kwathu, mudzi wina musanafike pa Makanjira, kumene wansembe amabwera kawiri kokha pachaka: pa Khirisimasi ndi pa chikondwerero cha Petro Woyera. Akulu a mpingo amakhala pansi Lachisanu folo koloko masana kulemba maina a ana okabatizidwa ndi a anthu obwezeredwa ku Mgonero. Dzina lako likapanda kulowa m'buku tsiku limenelo, udikire Disembala. Mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi iwiri ndi chifuwa chosatha. Ine ndinalibe mtima wodikira Disembala.

Ndinene ndekha kuti musavutike kunong'onezana. Anandichotsa sukulu ndili Fomu 2 chifukwa cha mimba. Filipo, mwini mimbayo, sanamuchotse, mpaka lero akuvala yunifomu ndi kudya nyemba za kusukulu. Mpingo unandiika pa chilango: kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndi kutuluka Mgonero usanayambe. Chilangocho ndinachitira pa boma, kumene ndimathandiza azakhali kukazinga mandasi. Akatekisiti a kumeneko anandilembera kalata yaumboni kuti kuyambira Januwale sindinajombe Lamulungu ngakhale limodzi. Kalatayo ndinaikulunga m'pulasitiki pamodzi ndi makhadi a chipani.

Lole ya Che Saidi inali itaima pafupi ndi msika. Inali nkhalamba ya lole, yonyamula mchere, ufa ndi palafini, anthufe pamwamba pa matumba. Mtengo unali makwacha awiri.

"Mwanayo salipira," anatero Che Saidi. "Koma akalira kwambiri alipira."

"Akalira ndiye kuti waona matayala anuwa," ndinayankha.

"Eee, chemwali, m'mawa uno? Kwerani, pakamwa panupo patikankha tikatitimira."

Pa mlatho wa Shire anyamata a malaya ofiira anatiimitsa kufuna makhadi. Ndinaonetsa awiri, langa ndi la mwana, limene azakhali anagula dala kuti pasakhale zokambirana. Mwana wanga anali membala wa chipani asanakhale membala wa mpingo. Mawu amenewa anafika pa lilime, koma ndinawameza. Pansi pa mlatho uja pali ng'ona.

Titawoloka tinakhotera kumpoto, ndipo msewu wabwino unathera pomwepo. Kunatsala fumbi, maenje ndi mchenga. Naini koloko tinali pa Malindi, kumene ndinagula chinangwa chophika ndi usipa wokazinga wa matambala khumi. Pamenepo panakwera mayi wamkulu thupi, Abiti Juma, wogulitsa nsomba zouma, akubwerera kunyanja ndi madengu opanda kanthu. Anakhala pa phazi langa osapepesa, kenako anatsegula nsalu kusuzumira mwana.

"Bambo ake ali kuti?"

"Ali kusukulu, akuloweza mitsinje ya ku Ulaya."

Anaseka mpaka madengu anagwedezeka. "Wangaso anapita ku Joni kukakumba golide. Golideyo akumukumbabe, chaka cha khumi chino." Anathyola chinangwa changa osapempha, ine ndinatapa mtedza wake osapempha. Ubale unayambira pamenepo.

Dzuwa lili paliwombo, titadutsa Lungwena, lole inaima pafupi ndi mzikiti wopaka laimu. Che Saidi anazimitsa injini, navala kofiya yoyera kumutu. Amuna ambiri anatsika kukasamba m'manja ndi m'mapazi pa chitsime. Ndinali nditaiwala kuti Lachisanu ndi Ijumaa, tsiku la mapemphero a Asilamu.

"Che Saidi!" ndinakuwa. "Ine ndalipira kupita kwathu, osati kudzalondera lole yanu!"

"Ola limodzi basi, chemwali," anatero, osatembenuka n'komwe.

Ndinalankhula zambiri zimene sindilemba pano. Abiti Juma anandisiya mpaka mpweya unandithera, ndipo anafunsa kuti kwathuko ndikuthamangira chiyani. Ndinamufotokozera za wansembe ndi za buku.

"Ndiye ukuthamangira kukapemphera," anatero akutafuna mtedza, "koma ukukalipira anthu chifukwa akupemphera. Iwe ndiwe wa bwanji kodi?"

Ndinatsika n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuyamwitsa mwana. Nsapato zinali mbwee pakhomo la mzikiti. Munthu uja anasiya lole yodzaza katundu pamsewu, makiyi ali momwemo, kuti akagwade. Ndinadzifunsa kuti ine ndinasiyapo chiyani panja polowa m'tchalitchi. Kalata ya akatekisiti sinkanama, Lamulungu lililonse ndinalipo. Koma anthu akamaimba, ine ndinkakonza mawu oti ndidzawauze amake Filipo, amene anauza mudzi wonse kuti mwana wawo sadziwa mkazi. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkanola mawu amenewo, kuwonjezera apa, kuchotsa apo. Theka la chaka linapita, ndipo pemphero lenileni sindinalinene ndi limodzi lomwe. Pansi pa mango paja ndinayesa. Linali lalifupi ndi lopanda ulemu wokwanira: "Ambuye, mukundidziwa. Gwirani pakamwa panga lero lokha, zamawa tidzakambirana."

Tinanyamukanso hafu pasiti wani. Sitinapite patali. Powoloka mtsinje wouma lole inatitimira mumchenga, amuna anakankha, ndipo pansi pake panamveka kuti thyo! Che Saidi anakwawira kunsi, natuluka nkhope ili mchenga wokhawokha.

"Chitsulo chathyoka. Mawa, Mulungu akalola."

"Bwanji chemwali uja asakankhe ndi pakamwa?" wina anafunsa. Anthu anandiyang'ana kudikira. Ndinangomanga mwana kumsana.

Kwathu kunatsala maola atatu kuyenda wapansi, koma asodzi a pamudzi umenewo anati pali boti la injini lopita cha kumpoto, ola limodzi lokha. Tinatsetserekera kudoko, ine ndi Abiti Juma ndi madengu ake. Mwini boti anatenga matambala makumi asanu, naloza nyanja ndi chibwano. Inali yotuwa, mafunde ali ndi thovu pamutu.

"Wamantha adikire lole," anatero.

Mwera unali kumbuyo kwathu, choncho boti linkathamanga, koma funde lililonse linkatimwaza madzi ozizira ngati a mumtsuko. Abiti Juma anavala dengu kumutu n'kumatchula dzina la Mulungu mokweza. Mwana anayamba kutsokomola, nsalu yake itanyowa. Chinthu chokha chosalowa madzi chimene ndinali nacho chinali pulasitiki ija. Ndinatulutsa kalata ndi makhadi n'kuziika m'bulauzi, ndinang'amba pulasitikiyo n'kumufunditsa mwana kumsana ndi kumutu. Ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndipo ndikadachitanso.

Tinakocheza pa doko la kwathu hafu pasiti folo. Abiti Juma anapitirira ndi boti, akundikuwira kuti ndikamupempherereko kwa wansembe wathuyo za mwamuna wa golide uja. Ndinathamanga mumchenga osapita kaye kunyumba. Akulu a mpingo anali pa mabenchi kuseri kwa tchalitchi, wansembe pakati, bambo wa imvi wa ku Likoma, buku lili pa maondo. Kudzanja lake lamanja kunali amake Filipo, atavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, popeza ndiwo mtsogoleri wawo.

Ndinagwada n'kupereka kalata ndi manja awiri. Wansembe anaitambasula pang'onopang'ono kuti isang'ambike. Inki yonse inali itasungunuka, pepala lili buluu. Pamwamba panatsala mawu amodzi okha: Wokondedwa.

"Kalata yotere ngakhale ine ndingalembe," anatero amake Filipo. "Tidziwa bwanji, Abambo, kuti mtsikanayu walapa? Pa boma paja pamachitika zambiri. Adikire Disembala, abwere ndi kalata yowerengeka."

Mawu anga onse aja anakwera mpaka pakhosi, ali m'ndondomeko yake, akuthwa bwinobwino. Ndinkadziwanso kuti ndikangotulutsa amodzi, bukulo litsekedwa. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

"Kalata yamira, Marita," anatero wansembe. "Lankhula wekha. Miyezi yonseyi kumbuyo kwa tchalitchi unkachita chiyani?"

"Ndinkatukwana mumtima, Abambo. Kujomba sindinajombe, koma kupemphera ndayamba lero masana, panja pa mzikiti."

Mkulu wina anatsokomola ngati wameza ntchentche.

"Unkatukwana yani?"

"Ali pompano, koma sindiwatchula. Tchimo langa ndalapa. Mwanayu sindimulapa, ndipo musandipemphe kuti ndimulape. Mkwiyo ndikadali nawo, sindinama, koma sindikufuna kumaliza nawo chaka."

Wansembe anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula cholembera.

"Makalata onse amene ndawerenga lero akuti eni ake ndi angelo," anatero. "Mawa m'mawa ubwere kudzalapa bwinobwino. Lamulungu mwana abatizidwa, ndipo iwe ulandira Mgonero." Analemba, natembenukira kudzanja lamanja. "Mayi, mwanayu wanyowa. Mulibe nsalu youma pamenepo?"

Amake Filipo anakhala kaye ngati sanamve. Anthu onse anali kuwayang'ana. Anamasula chitenje chapamwamba, natambasula manja, ine ndinawapatsa mwana. Anamuchotsa pulasitiki, namupukuta mutu, ndipo dzanja lawo linaima.

"Makutu awa..." anatero, koma sanamalize. Ine sindinawathandize kumaliza.

Amene mukufuna kuyenda msewu wa ku Makanjira mu Juni, musanyamuke Lachisanu ngati muli pa changu, ndipo tengani mapulasitiki awiri. Ine boti lija silinandisandutse woyera. Sukulu sinabwerere, ndipo Filipo ndikadzakumana naye sindikulonjeza kanthu. Koma theka la chaka ndinalithera m'nyumba ya Mulungu ndikulankhula ndi amake Filipo. Theka lotsalali ndikalowamo ndizilankhula ndi mwini nyumba.